Bowa Wogona Chagada

Ku Msongwe mukafunsa kwa a Dinah NyaGondwe, munthu asanakulozereni nyumba amayamba wakuchenjezani kuti mukafika musakapise dzanja m'thumba, chifukwa akakufunsani chimene mukubisa. Ndi mayi wamtali, wouma thupi, wa mawu apansipansi, ndipo pa zinthu zonse zimene Mulungu anawapatsa, chimene ankanyadira kwambiri ndi maso. "Maso anga awa sananditayepo," ankatero, chala chili m'munsi mwa diso. Tisawanamizire, kwa zaka zambiri masowo sanawatayedi.

Ku Mzuzu anabwera akadali mtsikana, kuchokera kwawo ku Embangweni, atakwatiwa ndi a Mhango amene anali mesenjala pa ofesi ina m'tauni. Masiku amenewo munthu wochoka pa depoti kupita ku Luwinga ankadutsa m'tchire, ndipo akakumana ndi munthu ankamudziwa dzina. A Mhango sanakhalitse. Anadwala miyezi ingapo n'kumwalira, mapilitsi ali mbwee pansi pa pilo, n'kusiya mwana mmodzi wamwamuna, Hudson. A Dinah anapukuta misozi, anamanga chitenje, n'kukalowa mumsika waukulu kukagulitsa kaunjika.

Benchi yawo inali mkati mwenimweni, pansi pa malata ndi mapepala akuda, pamene dzuwa silinkafika ngakhale litasochera. Ankalowa lisanatuluke, n'kutuluka litalowa. Ndi mumdima umenewo mmene anaphunzira sukulu yawo yokayikira. Anadziwa kuti mayi woyamikira kwambiri diresi imene ili pamwamba akufuna kuba imene ili pansi, kuti wofunsa mtengo akuyang'ana kumbali ali ndi mnzake kumbuyo kwako, kuti belo yonunkhira bwino mkati mwake mumakhala sanza. Nyimbo yawo inali yakuti chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Mnzawo wa benchi yoyandikana nayo, a Ayisha, mayi wachisilamu wochokera ku Mangochi amene ankagulitsa zitenje, ankaseka mpaka kugwira nthiti. "Inu anzanga," ankatero, "tsiku lina mudzadzigwira nokha dzanja kuti mwadzibera."

Kaunjikayo ndiye anaphunzitsa Hudson, ndiyenso anamanga nyumba ya ku Msongwe kudakali minda ndi mitengo. Kenako tauni inawapeza komweko. Yunivesite ya ku Luwinga inakula, ana asukulu anasefukira m'makomo kufuna zipinda, mipanda ya njerwa inamera paliponse pamene kale pankamera chinangwa. Anzawo anamanga tizipinda ta lendi kuseri kwa nyumba, koma a Dinah anakana, ati mwana wowerenga mabuku amawerenganso pamene umasunga kiyi. M'malo mwake anaweta galu, n'kumutcha Tiwonenge, kutanthauza kuti tiona. Dzinalo linali uthenga kwa anthu oyandikana nawo, ndipo onse anaumva.

Hudson anakwatira Tamara NyaMsiska wa ku Ekwendeni, zonse zinayenda mwa mwambo, malowolo anaperekedwa, mkazi anabwera kudzakhala pakhomo pa apongozi monga zimakhalira kumpoto kuno, kumene mkazi wa mwana wako amatchedwa mkamwana. Pasanapite nthawi Hudson anakwera basi ya ku Joni kukafuna ntchito, ngati anyamata ena onse a ku Mzimba. Pa depoti anagwira mayi ake dzanja n'kunena kuti, "Amama, mundisungire nyumba." Mawu oterewa munthu amangonena potsanzika. A Dinah anawalandira ngati alembedwa ntchito yaulonda.

Tamara anali mkazi wofatsa, wamfupi, wa manja osakhala chete. Mwambo ankaudziwa kuposa mmene apongozi ake ankafunira. Chakudya cha amama ankachiika m'mbale zovindikira, kugwada pakhomo la chipinda, kunena odi, kusiya, n'kubwerera chammbuyo. Sankadya pamodzi. Sankayankha mokweza, sankawayang'ana m'maso. A Dinah anafufuza pomugwirira koma sanapapeze, ndipo zimenezo ndi zimene zinawadetsa nkhawa kwambiri.

Nthawi yomweyo mafupa anayamba kuwawawa. Unayamba ndi msana, kenako chiuno, kenako mawondo, mpaka podzuka pamkeka ankachita kukwawa ndi khoma. Msika anausiya. Tamara anawatengera kuchipatala, ndipo atawayeza magazi anawauza kuti m'thupi mwawo mwachepa vitamini D, amene amalimbitsa mafupa, ndipo thupi limamupanga lokha khungu likawombedwa ndi dzuwa. Munthu amene wakhala zaka zonsezo pansi pa malata akanamupeza kuti? Anawapatsa mapilitsi, n'kuwalangiza kuti aziothera dzuwa.

A Dinah anavomera bwinobwino pamaso pa dokotala. Atafika kunyumba, mapilitsi onse anakathera m'chimbudzi. Anali asanaiwale mapilitsi amene anapeza pansi pa pilo ya a Mhango, amene sanawapulumutse. Za dzuwazo anangoti, likanakhala mankhwala, anyamata a kabaza sakanamafa. Ndipo kukhala panja, kuti aliyense wodutsa aziwerenga mmene ukutsimphinira? Iwo ayi. Anakokera mpando pa zenera la pabalaza, kuseri kwa katani, pamene ankaona geti, khitchini ndi kuseri konse popanda munthu kuwaona. Kwa amayi a kumpingo anangodandaulako pang'ono kuti mkamwana wawo akuwathamangitsira mapilitsi ngati ali ndi changu choti nyumba itsale yake. Mawuwo anazungulira n'kumupeza Tamara pa mpopi, koma iye anangotunga madzi ake n'kubwerera kunyumba.

Kuseri kumeneko kunali shedi ya bowa. Tamara analowa gulu la amayi amene anthu a ku yunivesite ankawaphunzitsa kulima bowa, ndipo anamanga kashedi ka udzu, mkati mokutidwa ndi mapepala akuda. Ankasinja zitsononkho ndi mapesi, kuziwiritsa m'mgolo, kuzilonga m'machubu apulasitiki, kuthira mbewu, n'kupachika pa zingwe. Pakapita masabata, bowa woyera ankatuluka m'mabowo ngati makutu. A Dinah, amene anakulira bowa wa pachulu wobwera ndi mvula, sankaukhulupirira bowa womera m'pulasitiki mwezi wa June. Komabe ankadya, chifukwa ankaona kuti womwewo ukupita kumalo ogona alendo m'tauni ndipo sanamvepo za maliro.

Zinthu zinasintha tsiku limene njinga yamoto inaima pa geti. Anatsika mnyamata wa malaya opisira, dzina lake Percy, amene ankayendera amayi a bowa m'malo mwa yunivesite. Kumbuyo kwa njinga anamangirira bokosi lamatabwa, lalitali ngati la mwana wakhanda, Mulungu atikhululukire, koma ndi mmene a Dinah analionera. Mnyamatayo anafika pakhomo, anavula chipewa, anagwira bondo.

"Monire amama, muli uli?"

"Tili makora," anayankha a Dinah, katani atangoitsegula pang'ono.

"Tabweretsa ka machine ka trial, amama. Tikaika ku shedi."

"Yewo," anatero, ndipo mumtima anati mwana waulemu chonchi sangakhale wopanda mlandu.

Mnyamatayo anakoka waya kuchokera kukhitchini. Analowa awiriwo, iye ndi Tamara, mushedi n'kutseka chitseko. Atatuluka, onse anali atavala magalasi akuda, kunja kulibe dzuwa, akuseka. A Dinah anakweza katani n'kuwayang'anitsitsa. Mwana wawo ali kutali, akutchetcha kapinga wa azungu, ndipo pakhomo pake anthu akuseka atabisa maso. Tsiku lomwelo pa chitseko cha shedi panaoneka loko, kiyi wake Tamara anamumanga pa mfundo ya chitenje.

Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha a Dinah anali nako. Anakhala pa zenera n'kuyamba kuphunzira. Bowa wogulitsa ankapita m'mapaketi wathunthu, monga kale. Koma tsiku lililonse Tamara ankapatulako pang'ono, wabwino kwambiri, n'kuung'amba timizere, n'kuuyala pa thireyi mmodzimmodzi, kunsi kwake kuli m'mwamba. Ukagudubuka umodzi ankautembenuza. Kukacha bwino ankaika thireyiyo pa thandala masana, padzuwa. Koma inali nyengo yozizira, imene Mzuzu amafunda chifunga ndi mvula yamawawa mpaka munthu kuiwala kuti dzuwa limatulukira kuti, choncho masiku ambiri thireyi inkalowa mushedi. Tamara ankavala magalasi aja, kulowa, kutuluka msanga, kutseka, n'kuima panja. M'mipata ya udzu munkaoneka kuwala kwa buluu. Pakapita kanthawi ankatulutsa thireyi, kukaphika bowayo m'kapoto kakekake, kutendera, ndipo kapoto kameneko kankathera m'mbale imodzi yokha. Inali mbale ya a Dinah.

Bowa wogonekedwa chagada ngati maliro, wounikidwa ndi moto wa buluu, wophikidwa payekha, wa munthu mmodzi. Mantha anawagwira, ndipo pamodzi ndi manthawo panali kachimwemwe koipa ka munthu amene wapeza chimene wakhala akufuna. Kuyambira tsikulo, Tamara akangosiya mbale n'kuchoka, bowa yense ankatulukira pa zenera la kuchipinda, kumene Tiwonenge anaphunzira kudikira. A Dinah ankadyera mchere kapena masamba otsala, n'kubweza mbale zoyera. Anadikira kuti galuyo afe. Galuyo ananenepa, ubweya unayamba kunyezimira. Munthu wina akanapepukidwa mtima, koma a Dinah anaona kuti nkhani yakula. Mankhwala osapha galu ndiye kuti anapangidwira munthu, ndi dzina lake, ndipo ntchito yake si kupha ayi. Ndi kutseka maso a mlonda kuti asaone zimene zikuchitika pakhomo.

A Ayisha atabwera kudzawazonda, a Dinah anatseka chitseko n'kuwafotokozera zonse monong'ona. A Ayisha anamvetsera, akukonza mpango kumutu.

"Ndiye mwamufunsa mwanayo?"

"Kufunsa vichi?"

"Kuti bowa ukugonekeranji chagada. Pakamwa muli napo, iyenso ali napo. Safunsa anadya phula, anzanga."

"Yayi, a Ayisha. Kwanu ku Mangochi mwina, kumene mwamuna ndiye amabwera kudzakhala kwa mkazi. Kuno apongozi sakhala pansi ndi mkamwana kumafunsana ngati ali pa mpopi. Nkhani ikakhalapo imayenda ndi thenga."

Thenga ndiye nkhoswe ya kumpoto, munthu amene amanyamula mawu pakati pa mabanja awiri. A Ayisha anapukusa mutu.

"Thenga wa nkhani ya ndiwo? Mukamuitana ameneyo ndiye kuti mwakoka ukwati wa mwana wanu pa chingwe. Mwanayu amakusambitsani msana."

"Ndiye nchifukwa chake. Galu wamkota sakandira pachabe, ine ndikudziwa chimene ndikununkhiza."

A Ayisha anatsanzika, ndipo pa geti anapatsana moni ndi Tamara nthawi yaitali, zimenenso a Dinah anaziona n'kuzisunga.

Mwayi unabwera m'mawa wina Tamara akuthamangira kukapereka bowa m'tauni. Posintha chitenje anaiwala kiyi pa msomali wa kukhitchini. Geti itangotsekeka, a Dinah anadzuka, anagwira khoma, anagwira mpanda, mpaka anafika pa shedi. Mkati munali mdima ndi chinyezi, fungo ngati la nkhuni zovunda, machubu ali lendelende. Bokosi lija linali pa tebulo pakona. Analitsegula. Mkati munali pepala lonyezimira, ndipo kunsi kwa chivindikiro kunali chubu cha magetsi chachitali, chofanana ndi za m'masitolo. Magalasi akuda aja anali pa msomali pambali pake. Anawayang'ana n'kutsonya. Magalasi ndi a anthu amene ali ndi chobisa, ndipo iwo anabwera kudzaona ndi maso awo enieni.

Anadina swichi. Chubu chinaphethira n'kuyaka kuwala kofooka kwa buluu. Anaika dzanja pafupi, sikanatenthe. Moto wanji wosatentha? Anawerama, nkhope pafupi, n'kuyamba kufufuza. Anafuna tsitsi lawo, kansalu ka chitenje chawo, singano, chithumwa, chilichonse. Anayang'ana m'mphepete mwa chubu, m'makona a bokosi, anasuzumira kuseri kwa pepala lonyezimira, anabwereranso pa chubu pomwepo kuchiyang'anitsitsa monga ankayang'anira kasitomala wokayikitsa mpaka aulule. Anakhalitsa, mpaka msana ndi umene unawaletsa. Sanapeze kanthu. Anazimitsa, anatseka, anabweza kiyi pa msomali, n'kubwerera pa zenera akudziuza kuti anthu ophunzira amadziwa kubisa.

Masana anadutsa bwino. Chakumadzulo anamva ngati mwalowa mchenga m'maso. Anatikita, zinakula. Misozi inayamba kutsika yokha, zikope zinatupa, kuwala kwa pa zenera kunkawalasa ngati minga. Pamenepo a Dinah anadziwa kuti zonse zimene ankaganiza zinali zoona, ndipo analira ndi ululu ndi mkwiyo pamodzi. Anafufuza foni, anapeza nkhope ya Hudson ndi diso limodzi lotseguka pang'ono, anadina pamene mwana wawo anawaphunzitsa kudina, n'kulankhula. Ananena za mnyamata wa njinga yamoto, za chitseko chotseka, za magalasi ndi kuseka, za bowa wogona chagada wa iwo okha. Anamaliza ndi kuti, "Mwana wanga, mkazi wako wanditseka maso kuti ndisaone zimene akuchita m'nyumba mwako. Ine ndasunga mpaka pamene ndathera." Anachotsa chala, uthenga unapita.

Tamara atafika anawapeza ali pansi, chitenje kumaso. Sanafunse zambiri. Anathamanga kukaitana takisi, anawanyamula mkono paphewa, n'kupita nawo kuchipatala. Dokotala wake anali mayi wachitsikana wolankhula mofulumira. Anathira madontho, anaunika, n'kufunsa kuti, "Amama, mwaima pafupi ndi anthu owotcherera zitsulo lero?"

"Yayi."

"Nanga mwayang'ana chiyani chowala? Maso awa apsa pamwamba, ngati a munthu wowotcherera wopanda magalasi."

Kenako a Dinah anamva mawu a Tamara, apansi. "Amama, mwalowa mushedi?"

A Dinah anaphimba nkhope ndi chitenje. Tamara anatembenukira kwa dokotala, ndipo zimene sakanatha kuuza apongozi ake maso ndi maso anaziuza mlendoyo, apongoziwo ali pomwepo. Anati kunyumba kuli nyali imene anabwereka kwa anthu a ku yunivesite, yotulutsa mtundu wa kuwala umene uli m'dzuwa umene maso sauona, womwe umapangitsa khungu kupanga vitamini D. Bowa nayenso, anatero, akawombedwa ndi kuwala kumeneko amapanga vitamini ameneyo, makamaka ukamung'amba n'kuloza kunsi kwake ku kuwalako. Bowa wa m'shedi amakulira mumdima, ndiye amakhala alibe. Nyaliyo siyang'anidwa, nchifukwa chake pali magalasi ndi loko.

"Ndiye mumagulitsa wotero?" anafunsa dokotala.

"Ayi, ndi wa amama okha. Anawapeza ndi vuto la mafupa. Mapilitsi anataya, padzuwa amakana. Ndinapita ndekha kukawapempha a Percy kuti nyali ya trial ibwere kwathu, bola amama azipezako pang'ono m'ndiwo." Anapuma. "Amamaliza mbale yonse tsiku lililonse, ndiye ndimati mwina ziyamba kusintha."

A Dinah anamva ngati benchi yachoka pansi pawo. Dokotala anati bowayo ndi wothandiza ndithu koma mapilitsi asawasiye, ndipo masowo apola okha pakapita masiku ochepa, angopaka mankhwala n'kukhala mumdima. Ankalankhula ngati ndi nkhani yaing'ono. Sankadziwa za foni imene inali m'chikwama.

Uthengawo unawapeza m'takisi pobwerera. Foni ya Tamara inalira, iye anati, "Ndi a Hudson," mawu ake ali ndi kachimwemwe, n'kudina. Amene analankhula si Hudson. Anali a Dinah eni ake, mawu awo akulira, akutchula njinga yamoto ndi chitseko chotseka. Hudson anangoutumiza mmene unalili. Woyendetsa takisi anachepetsa wailesi, kenako anachita manyazi n'kuikwezanso. A Dinah anakhala ndi nsalu kumaso kumvetsera mawu awo onse mpaka kumapeto, ndipo analakalaka galimotoyo itangotseguka pansi. Utatha umenewo unabwera wa Hudson, waufupi. Anati wawaimbira kale asibweni ake, amalume, kuti atume thenga ku Ekwendeni, ndipo Tamara akakhale kwa makolo ake mpaka iye adzabwere pa Khirisimasi. Tamara sanalire mokweza. A Dinah anangomva mpweya wake, ndipo dzanja limene linawagwira mkono silinachoke.

Kutacha a Dinah anamuimbira Hudson, Tamara yemweyo ndiye anawadinira foni n'kutuluka panja. Anafotokoza zonse, za nyali, za dokotala, za galu. Hudson anamvetsera mpaka kumapeto.

"Amama, ali pafupi? Wakuopsezani?"

"Yayi mwana wanga, ndalakwa ndine. Ndinaona molakwika."

"Imwe amama? Chibadwire ine maso anu sanakutayenipo. Dzulo munalankhula muli nokha, lero mukulankhula muli m'manja mwake. Ine ndimva za dzulo."

Anachonderera, analumbira, anatchula dzina la bambo ake. Sizinathandize. Mwanayo anamulera okha, ndipo anamuphunzitsa bwino kuti mawu okoma obwera pambuyo ndi amene uyenera kuwaopa. Ku Ekwendeni nako thenga anali atafika kale, ndipo bambo a Tamara anayankha kuti mwana wawo sangagone pakhomo pamene watchedwa mfiti ndi wachiwerewere tsiku limodzi. Madzi akatayika saoleka.

Masiku amene maso anali otseka, Tamara anawapaka mankhwala, anawatsogolera kubafa, anawafunditsa. Ankagwadabe pakhomo n'kunena odi. A Dinah ankafuna kulankhula koma sankadziwa poyambira, poti moyo wawo wonse anaphunzira kufunsa anthu mafunso, kupepesa sanaphunzire. Percy anabwera kudzatenga bokosi lake. A Dinah anamva njinga ikuima, anamva moni waulemu uja pa zenera, anamva ikupita.

M'mawa umene maso anatseguka bwino, chinthu choyamba chimene anaona chinali chikwama chachikulu chamizeremizere chili pakhonde, ndi ndowa yomangidwa pa chitenje. Tamara anali atavala za paulendo. Anabwera kudzagwada kuti atsanzike, koma a Dinah anamuyambirira. Anagwira mphuthu ya chitseko, anatsika pang'onopang'ono, mawondo akulira, mpaka anagwada pa simenti pamaso pa mkamwana wawo, chinthu chimene ku Embangweni konse sichinamvekepo.

"NyaMsiska, ndakulakwira chomene. Undikhululukire."

"Amama, dzukani, anthu aona."

"Aone." Misozi inali kutsika, ndipo ulendo uno sinali ya nyali. "Koma iwe mwana, bwanji sunandiuze? Ukanangoti amama, bowa uyu ndi mankhwala a mafupa anu."

Tamara anawayang'ana m'maso, koyamba chibwerere pakhomopo.

"Mukanadya?"

A Dinah anagwiranso mphuthu ya chitseko. Anayesa kudzuka, mawondo anakana. Anayesanso, anagwa chammbali. Tamara anaika chikwama pansi, anawakumbatira m'khwapa monga ankachitira masiku onse, anawakweza n'kuwakhazika pa mpando. Mpandowo anali atautulutsa kale kuchokera pa zenera paja n'kuuika pabwalo, pamene dzuwa linali litayamba kuboola chifunga. Anawauza kuti mapilitsi atsopano ali pa tebulo, machubu azithiridwa madzi m'mawa ndi madzulo, ndipo kukacha bwino thireyi iziikidwa pa thandala masana, bowa ataloza m'mwamba. Anati zina zonse akambirana akuluakulu. Kenako anasenza ndowa, ananyamula chikwama, n'kutuluka pa geti osacheuka.

Masana a Dinah anapeza mbale zovindikira pakhomo la chipinda chawo, pamalo a nthawi zonse. Anazitengera panja pa mpando paja. Tiwonenge anabwera akugwedeza mchira n'kukhala patsogolo pawo, akudikira gawo lake. Anavundukula. Munali bowa wotendera, wozizira kale. Anatapa pang'ono n'kulawa, ndipo anapeza kuti mwanayo ankathirako ndi tomato ndi anyezi pang'ono, mchere uli pakepake, mmene iwo amakondera. Galu analira pang'ono, iwo anamuthamangitsa ndi phazi. Anadya yense mpaka kupukuta mbale ndi chala, ali padzuwa, anthu odutsa akuwaona, maso ali pa geti.